Mafuta Osungira Ulendo Womaliza

Ntchito yanga ndi yowerengera mafuta a zinthu zimene sindinazionepo ndi maso. Ndimakhala mu ofesi ina kuno ku Leicester, chakufupi ndi mtsinje, desiki yanga itayang'ana kukhoma, n'kumawerengera mmene setilaiti ingasunthire kumwambako osawononga mafuta. Anthu akwathu ndikawafotokozera amagwedeza mutu mwaulemu, kenako n'kundifunsa ngati ndingabwere Loweruka kudzawakonzera dishi ya TV. Poyamba zinkandipsetsa mtima. Masiku ano ndimangoti ndidzaona.

Munthu yekhayo amene ankamvetsera mpaka kumapeto anali bambo anga. Kumudzi anali dalaivala wa malole, wa mtundu uja wozimitsa injini potsetsereka m'mapiri a ku Dedza kuti mafuta atsaleko, ndiye ukangotchula mafuta ankakhala tsonga. Kuno ankanyamula makatoni m'nyumba zosungiramo katundu mpaka msana unakana. Atapuma ntchito, ankakonda kundifunsa madzulo kuti galimoto zanga zakumwamba zaswera bwanji.

Ndinkawauza momwe zilili. Setilaiti imanyamuka pansi pano ndi mafuta a moyo wake wonse, chifukwa kumwamba kulibe pomwetsera. Imene ine ndimagwira nayo ntchito ndi ija yofunika kukhala pamalo amodzi ukamaiyang'ana uli pansi, kuti madishi asaitaye. Koma dzuwa limaikoka, mwezi nawo umaikoka, ndiye imatsetsereka pang'onopang'ono, ndipo nthawi ndi nthawi pamafunika kuyatsa timainjini take kuti ibwerere m'malo. Kuyatsa kulikonse ndi mafuta amene sadzabweranso. Ukafuna kuisamutsira kwina, suiyendetsa ngati lole. Umaikankha kamodzi, pang'ono pokha, kuti itsike kapena ikwere, n'kuileka izitengeka yokha kwa masabata kapena miyezi. Ikafika umaikankhanso kuti iime. Ukafuna ifike msanga, umawotcha mafuta ambiri ponyamuka, ambirinso poima. Ndipo mafuta omalizira enieni sakhudzidwa. Amasungidwa kuti tsiku lotsiriza tiikwezere m'mwamba, kunja kwa njira ya inzake, kumene imakakhala osasokoneza wina. Mafuta akatha isanakafikeko, imangoyendayenda m'njira ya inzake, palibenso angaiuze chochita.

Bambo anafunsa za geji yoonetsa mafuta otsala. Ndinawauza kuti yodalirika palibe, chifukwa kumwamba mafuta sakhala pansi pa thanki, amayandama. Timadalira kuwerengera zimene tawotcha kale, kapena timatenthetsa thanki n'kuona mmene ikufundira, poti yotsala pang'ono kuuma imafunda msanga. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwo m'masiku awo ankangopisa kamtengo, ndipo ndikafuna adzandibwereka.

Amene anatibweretsa kuno anali amayi anga, omwe anali namwino. Atamwalira tinatengera thupi lawo kumudzi, ndipo pabwalo la ndege bambo anaona bokosi litakulungidwa m'mapulasitiki, likukwezedwa pamodzi ndi makatoni a anthu. Titabwerako, tsiku lina ndikutsuka mbale, anaima pakhomo la kichini n'kunena zimene sanadzazibwerezenso.

"Ine kuno ndinabwera nditakhala pampando. Ndidzabwerera nditakhala pampando. Usadzandiike kunsi kwa ndege ngati katundu."

Ndinati ndamva, adadi. Ndinapitiriza kutsuka mbale.

Patapita zaka, mtima wawo unafooka. Miyendo inatupa, nsapato zinakana, ndipo akayenda kuchoka pabalaza kufika kukichini ankafika akupuma ngati athamanga. Ndinatseka fulati yanga ku Beaumont Leys n'kubwerera kunyumba imene ndinakuliramo ku Highfields, yopapatiza, ya njerwa zofiira, masitepe ake oima njo ngati makwerero. Dokotala sanabise. Anati mtimawo sudzachira, koma akasintha mankhwala, madzi akachepa m'thupi, ndege angathe kukwera, bola apumule, asazizidwe, asadzitopetse ndi zinthu zosafunika. Tinabukitsa matikiti a kumayambiriro kwa Disembala. Bambo anasankha mpando wa pawindo. Kumudzi azakhali anga, mlongo wawo yekhayo wotsala, anayamba kuzira chipinda.

Nthawi yomweyo kuntchito tinali ndi setilaiti ina yokalamba, mafuta ake atatsala pang'ono. Eni ake ankafuna isamukire kwina mwachangu, ikagwireko ntchito miyezi ingapo isanapume. Ine ndinkakana changucho. Ndinkawaonetsa kuti akaithamangitsa, okwezera m'mwamba adzachepa, ndipo poti geji palibe, sitingadziwe kuti achepa mpaka injini itazima yokha pakati pa ulendo. Tinakangana masabata angapo, mpaka anavomera njira yapang'onopang'ono. Ndiye m'mutu mwanga munali zimenezi, ndikamachoka kuntchito n'kukwera basi ya ku Highfields.

Mbiri inamveka kuti bambo akupita kumudzi osadzabweranso, ndipo anthu anayamba kubwera kudzawazonda. Kunkabwera anamwino ongotuluka kumene pa shifiti, maso ali psu ndi tulo. Kunkabwera azimayi a kutchalitchi ndi mandasi m'zikontena, anyamata ogwira ntchito yosamalira okalamba, banja lina la ku Chipata limene linkawatchula bambo kuti atate, ndi ena amene ine sindinkawadziwa n'komwe koma onse ankandidziwa ndili wamng'ono. Belu likalira, bambo ankavala jekete, n'kutsika masitepe aja atagwira khoma. Ankapatsa moni mlendo aliyense payekhapayekha, aliyensenso n'kuwabwezera payekhapayekha, ndipo kwa onse ankayankha kuti akupezako bwino. Zimenezi ndinkazipirira. Munthu wodwala wopanda omuzonda ndi womvetsa chisoni, ndinkadziwa.

Chimene sindinkachipirira chinali kuperekeza. Bambo anga sanatsazikepo mlendo pakhomo chibadwire. Mlendo akati basi tiziona msewu, iwo ankayamba kufunafuna chikhoti ndi chipewa, n'kumulanda kachikwama kuti amunyamulire. Wobwera pagalimoto ankamufikitsa pamene waimika, ngakhale kukhale kuseri kwa mzikiti. Wobwera pabasi ankamufikitsa pasiteji, kumapeto kwa msewu wathu, n'kuima naye mpaka basi ibwere. Kumudzi zimenezi n'zokoma, mumayenda padzuwa, nkhani zenizeni zimatuluka panjira. Koma uno unali Novembala wa ku Leicester, mphepo yodutsa m'mafupa, ndipo pobwerera msewu wathu ndi wokwera. Ankafika milomo itachita mbuu, n'kukhala pa sitepe yoyamba nthawi yaitali asanayese yachiwiri.

Alendowo sikuti anali anthu oipa, ndipo ambiri anali anamwino odziwa bwino za mtima. Ankakana ndithu. Ankati khalani bambo, musavutike, njira tikuidziwa. Vuto linali loti mawu amenewa ndi omwe mlendo aliyense waulemu amanena kwathu, ngakhale kwa munthu wamphamvu zake, ndipo mwini nyumba waulemu amawamva n'kupitiriza kumanga zingwe za nsapato. Bambo akaumirira kachiwiri, mlendo ankagonja, chifukwa kulimbana ndi munthu wamkulu m'nyumba mwake n'chipongwe. Aliyense ankachita zoyenera. Ine ndekha ndi amene ndinkaima pakhomo ndikutukwana chamumtima.

Ndinayesa zambiri. Ndinafuna kutsitsira bedi pabalaza, iwo anati pabalaza si pachipatala, ndipo sangalandire anthu atagona. Ndinabisa chikhoti chawo m'buti ya galimoto ya mnzanga. Tsiku lotsatira ndinawapeza pasiteji atavala chikhoti cha malemu amayi, chofiirira, cha mabatani aakulu, manja chikulekeza m'zigongono, akucheza ndi mzibambo wina ngati palibe chachilendo. Ndinaimbira foni amayi ena akuluakulu a kutchalitchi kuti auze anthu azibwera ochepa. Anati zoona mwana wanga, waganiza bwino. Lamlungu anabwera okha ndi gulu lonse la kwaya. Ndinamva pambuyo pake kuti kunja kunkanenedwa zoti mwana uja sukulu inamusandutsa mzungu, akufuna kutsekera bambo ake m'nyumba. Zinandipweteka, koma ndinalibe nthawi yozitsatira.

Tsiku lina ndinakhala nawo pansi n'kuwalankhula m'chinenero chimene ankachimva. Ndinawauza kuti setilaiti ikakalamba timasiya kuiwongola pa zina. Timaileka izigwedezeka kumpoto ndi kummwera, ngakhale kuti sizioneka bwino, chifukwa kuwongola kumeneko ndiko kumadya mafuta ambiri. Timasankha chimodzi chimene tikufuna, zina timazitaya. Ndinati iwo anandiuza okha chimene akufuna, ndipo ulendo wake ndi wautali, wosinthira ndege panjira, ndiye kusiteji kulikonse kumene akupita akudya za ulendowo. Ndinati anthu azibwera, moni azipatsana, koma woperekeza ndikhale ine. Anafunsa ngati setilaitiyo imafunsidwa maganizo ake. Ndinati ayi. Anati chabwino, ayesa.

Anayesadi. Kwa masiku angapo ine ndi amene ndinkavala chikhoti, kunyamula zikwama za anthu, kuima pasiteji ndikunjenjemera n'kumayankha mafunso onena za ukwati. Bambo ankatsalira pampando, akuyang'ana pawindo ngati mwana wokanizidwa kukasewera. Koma miyendo inayamba kuphwa. Nsapato zinalowa. Dokotala anawapima n'kunena kuti zikapitirira chonchi, aziyenda. Tinalongeza masutikesi, iwo akundiuza kuti malaya awa ndi a uje, wailesi iyi ndi ya azakhali. Kuntchito nako setilaiti ija inali ikutengeka bwinobwino kulowera kumalo ake atsopano. Ndinayamba kugona tulo.

Loweruka lomaliza la Novembala, masana, belu linalira. Pakhomo panali mdala wina wa ku Hyson Green, ku Nottingham, mnzawo wa bambo. Anali ochokera dera limodzi, ndipo anadziwana kuno pamaliro a munthu wina. Mdalayo anabwera m'dziko lino kudzapempha chitetezo, nkhani yake inangokhala ikuzungulira m'maofesi, tsitsi mpaka kuyera. Kumudzi sakanapita, chifukwa akanapita sakanabweranso, ndipo zimene anathawa zinali zikadalipo. Akazi awo atamwalira kumudziko, maliro anawamvera pafoni ali m'kachipinda kawo ka lendi. Tsikuli anakwera mabasi angapo kuti afike, atanyamula malalanje m'jumbo.

Anakhala pabalaza awiriwo. Ndinawapatsa tiyi n'kupita kukichini, chitseko ndinasiya chotsegula. Sanakambe zambiri. Ndinamva akufunsana ngati mvula yayamba kumudzi, ngati mlatho wina wake unakonzedwa, ngati mango a kumeneko akadali aja okhala ndi ulusi wambiri. Nthawi zina ndinkangomva masupuni akulira m'makapu. Kunja kutayamba kuchita mdima, paja kuno nyengo imeneyo dzuwa limalowa masana, mdalayo anati aziona msewu. Ndinatuluka ndi chikhoti changa m'manja. Ndinapeza bambo ataimirira kale, akuvala chawo.

Mdalayo anati khalani achimwene, kukuzizira. Bambo anapitiriza kumanga mabatani. Ine ndinaima pakati pa iwo ndi chitseko, n'kulankhula motsitsa kuti mlendo asamve, ngakhale kuti m'kanjira kopapatiza kaja palibe chimene sakanamva.

"Adadi, tinagwirizana. Kwangotsala masiku ochepa."

"Ndikudziwa, mama."

"Ndiye khalani pansi. Ndiwaperekeza ine."

"Ena onse aja udzawaperekeza iwe. Uyu ayi. Ine ndikupita kwathu, kukandilandira anthu. Uyu sadzapitako, ndipo ine ndi iye sitidzaonananso. Ndimutsekere chitseko kumbuyo ngati munthu wodzawerenga mita?"

Ndinawauza kuti ndakwiya. Anati akuona. Anatenga chipewa pamsomali, ndipo ndinapatuka, chifukwa chotsala chinali kuwagwira ndi manja, ndipo zimenezo sindikanachita.

Ndinawatsatira pambuyo. Kunkagwa kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kolowerera. Ankayenda pang'onopang'ono, bambo atanyamula jumbo ya mnzawo imene munalibenso kanthu, mdalayo atawagwira pachigongono. Anadutsa pashopu ya pakona, mwini wake anawakwezera dzanja. Pasiteji anaima moyandikana, ine ndinaima chapatali pansi pa khonde la nyumba ya eni. Basi inabwera. Mdalayo sanakwere. Inabwera ina, anaiyang'ana n'kuileka. Sindinamve zimene ankakambirana, ndinkangoona nthunzi ikutuluka m'kamwa mwawo. Kenako anatembenuka onse awiri n'kuyamba kubwerera, chifukwa mdalayo anati sangasiye munthu wodwala akwere mtunda yekha, ndiye naye anawaperekeza mpaka theka la msewu. Pamenepo bambo anafuna kutembenukanso kuti amubwezere kusiteji. Ndinafika n'kuwagwira mkono, ndipo ndinauza mdalayo, mopanda ulemu wokwanira, kuti basi yotsatira akwere. Anagwirana chanza nthawi yaitali. Mdalayo anavula chipewa mvula ikugwa, n'kutsetsereka yekha.

Masitepe a m'nyumba bambo sanawakwere tsiku limenelo. Anagona pasofa, pabalaza pomwe ankakana paja, nditawatsamiritsa mapilo. Anali osangalala. Anandiuza kuti mdala uja wawatuma akaone manda a akazi ake, akazulepo udzu. M'mawa kupuma kunavuta, ndinaitana ambulansi. Kuchipatala anati madzi abwerera m'mapapo, ndipo pabweranso chibayo. Anakhalako masiku angapo, anthu akusinthana pambali pa bedi. Anamwalira masutikesi ali chilongezere m'kanjira ka kunyumba.

Ndinafunsa dokotala ngati ulendo wa kusiteji uja ndi umene unawamaliza. Anati sangadziwe. Anati mwina unathandizira, mwinanso mtimawo unali utafika kale pamapeto, ndipo zikanachitika m'ndege kapena pabwalo. Yankho limeneli ndinalizindikira, chifukwa ndi lomwe ine ndimapatsa eni masetilaiti akandifunsa kuti m'thanki mwatsala zingati.

Anthu omwe aja anadzaza nyumba. Anagona pansi, anaphika, anaimba, anayendetsa za mapepala zimene ine mutu sukanagwira. Amayi amene anabweretsa kwaya aja ndi amene anandisambitsa m'maso tsiku loyamba. Mdala wa ku Hyson Green anabwera nakhala pakona, chipewa chili pamaondo, osadya kanthu. Ndinawapatsa moni monga mwa mwambo. Mumtima ndinali nawo chifukwa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati panali choti ndiwakhululukire. Pochoka anandiuza kuti ndisavutike, njira akuidziwa. Ndinawamvera, ndinatsalira pakhomo.

Ulendo wotengera thupi lawo kumudzi unachedwa ndi masabata angapo podikira zikalata. Ndinakwera ndekha. Mpando wa pawindo unali ndi mtsikana wina amene anagona ndege isananyamuke, zomvera nyimbo zili m'makutu. Tisananyamuke ndinamva kunsi kwa mapazi anga zitseko za katundu zikutsekedwa, phokoso lake lolemera, ndipo ndinakweza mapazi pang'ono osadziwa chifukwa chake.

Tinafika ku Addis Ababa kutacha, kumene timasinthira ndege. Nditayatsa foni ndinapeza uthenga wa mnzanga wa kuntchito. Eni setilaiti ija anali atasintha maganizo n'kuipumitsa msanga, ndipo dzulo lake anaikwezera kumalo ake omaliza. Anati yafika bwinobwino, mafuta mpaka anatsalako, kuposa mmene tinawerengera, ndipo mu ofesi anadula keke. Ndinawerenga n'kubwezera foni m'thumba.

M'holo yodikirira muli khoma lalitali lagalasi loyang'ana kumene ndege zimaima. Ndinaima pamenepo chifukwa mipando inali yodzaza. Patapita kanthawi ndinaona kathirakitala kakukoka tingolo ta katundu kuchokera ku ndege imene tinabwera nayo. M'tingolo toyamba munali masutikesi. Pa kotsiriza panali chinthu chachitali, chokulungidwa m'mapulasitiki, chomangidwa ndi malamba, ndipo ndinachidziwa. Kathirakitalako kankayenda pang'onopang'ono, motsatira khomalo. Ndinanyamula chikwama changa n'kuyamba kuyenda nako, ine mkati, iko kunja, ndikupepesa anthu amene ndinkawaponda mapazi. Ndinadutsa mageti angapo amene sanali anga. Kumapeto galasi linathera pakhoma la simenti, kathirakitala kanakhota, ndipo ine ndinaima pomwepo.